A Timoteyo Amayesa Buku ndi Mapazi

Ndimagulitsa mtedza wokazinga ndi zitumbuwa pa kamsika ka pafupi ndi mishoni ya Guilleme. Benchi yanga inayang'anizana ndi shedi ya a Timoteyo, okonza njinga, ndipo zaka zisanu tsopano ndikuwaona tsiku ndi tsiku. Ine si wolankhulalankhula ayi. Anthu akamacheza ndimangomvera, maso ali pa chiwaya. Ndalemba izi chifukwa ndinaliko, ndipo ena akuzifotokoza mokhotakhota.

A Timoteyo ndi bambo wamfupi, wa imvi za m'mbali zokha. Kwawo kwenikweni ndi ku Phalombe. Anabwera kuno ali mnyamata kudzagwira utenanti pa esiteti ya fodya, anasoka fodya zaka zambiri mpaka chifuwa chinayamba kuwavuta, ndiye anasiya n'kuphunzira za njinga. Akazi awo, mayi Keziya, ndi a konkuno. Ana anabereka asanu. Woyamba ndi Gerald, chitsiriza ndi Sheila, amene amagwira ntchito ku boda, mu ofesi ya anthu othandiza amalonda kuolotsa katundu.

Koma chimene anthu amawadziwira a Timoteyo si njinga zokha. Pa chitseko cha shedi yawo pamakhala pepala la m'kope, lokhomedwa ndi tizidutswa ta sipoko. Pa pepalapo amalembapo maganizo awo pa buku limene awerenga. Anthu odikira kuti amatidwe chubu amawerenga, ena amatsutsa, ena amangoseka. Mabukuwo amawapeza kwa madalaivala a mathiraki ochokera ku Chipata, ena kwa aphunzitsi, ena kwa abambo a pa mishoni. Ndipo sawerenga buku lililonse ayi. Amafuna nkhani zopeka za kalekale, makamaka za zaka zoyambirira za m'ma 1900.

Tsiku lina a Jailosi, a kabaza amene sakhalira kuwaputa, anawafunsa. "Mdala, bwanji simuwerengako za masiku ano? Za chikondi, za mafoni?"

"Za masiku ano ndimaziona ndi maso, zina zimabwera pano ndi mabuleki oduka," anatero a Timoteyo osadzutsa mutu. "Nthawi imene ija zonse zinafika pamodzi ngati matalala. Msonkho, sileti, machesi, belu la tchalitchi, njinga yomweyi. Munthu ankabadwa n'kufunditsidwa nyanda, n'kudzaikidwa m'manda atavala jekete. Agogo anga anaoloka kuchokera ku Mozambiki nthawi yomweyo, mphika pamutu, mwana kumbuyo. Ndimafuna kudziwa kuti mumtima mwawo munkamveka bwanji."

Chachilendo ndi mmene amaweruzira. Iwo sakhulupirira buku asanaliyese ndi thupi lawo. Buku lina linati mzungu wa boma analemba kalata ali m'machila, onyamula akuthamanga naye. A Timoteyo anasoka masaka awiri, n'kuwamangirira pa mtengo wa bulugama, n'kupempha a kabaza anayi kuti awanyamule kuchokera pa shedi mpaka pa chigayo. Anagona m'menemo ndi kope ndi bolopeni, msika wonse ukutsatira pambuyo. Atatsika anationetsa pepalalo, linali ngati pamene nkhuku yapalasa. Mawa lake pa chitseko panalembedwa kuti, "Ndayesa. M'machila simulembeka. Koma wophika wa mzunguyo ndi munthu weniweni, werengani chifukwa cha iye."

Ndi mmene alili. Chabwino amachitchula, cholakwika amachitchula, ndipo sayang'ana kuti walemba ndani. Apa ndi pamene panagona vuto.

Zaka zinayi zapitazo Sheila analemba kankhani kake, anakataipa ku ntchito, n'kubwera nako kwa bambo ake atagwira ndi manja awiri. Iwo anawerenga, n'kukhoma pepala pa chitseko monga amachitira ndi wina aliyense. Analemba kuti mtsikana wa m'nkhaniyo wachoka ku Dedza m'mawa, wapansi, madzulo n'kukadyera ku Chipata, ndiye kaya anali ndi mapiko. Pansi pake anamaliza ndi mawu awiri: "Mlembi sanayende."

A kabaza anawatola mawu amenewo. Loweruka lotsatira Sheila akutsika minibasi, wina anakuwa kuti, "Takulandirani, a Sanayende." Iye anamwetulira, anapita pa chitseko, anawerenga mpaka pansi. Kenako anabwera pa benchi yanga kudzagula mtedza, n'kumapita. Kuyambira pamenepo amabwera kwa mayi ake masana okha, bambo ake ali ku shedi. Akakumana mwangozi amagwada, amapereka moni wonse bwinobwino, basi. A Timoteyo sanadandaulepo pamaso pa anthu. Koma minibasi ya ku boda ikaima, sipanala imaima kaye m'manja mwawo mpaka omaliza atatsika.

Chaka chino, titangotha kukolola, Sheila anatulutsa buku lenileni, laling'ono, la chikuto chobiriwira, losindikizidwa ku Lilongwe. Analipereka kwa mayi ake, amene sadziwa kuwerenga. Mayi Keziya anabwera nalo kwa ine atalikulunga m'chitenje.

"Amake Madalo, inu munafika Sitandade 7. Mundiwerengere pang'onopang'ono, kuseri uku, bambo aja asaone."

Tinaliwerenga masiku anayi, ine chala chili pa mzere, mwana wanga Madalo, wa miyezi eyiti, akukoka mapepala. Ndi nkhani ya chaka cha 1916. Mayi wina dzina lake Anastazia, wa m'mudzi wa kwa Mlonyeni, mwamuna wake anamugwira kuti akakhale mtengatenga, wosenza katundu wa asilikali ku nkhondo. Anamusunga ku boma ndi anzake. Anastazia anamva kuti gululo linyamuka dzuwa likafika pamutu, ndipo mwana wawo anali asanapatsidwe dzina ndi bambo ake, chifukwa panali mkangano pakati pa mabanja. Ndiye anadzuka tambala woyamba, mwana kumbuyo, n'kuyamba ulendo. Sanakhale pansi ngakhale kamodzi. Anafika amuna aja atasenza kale mitolo, ndipo mwamuna wake anatchula dzina la mwanayo ali pa mzere.

Mayi Keziya analira. Atapukuta m'maso anakalisiya bukulo dala pa tebulo kunyumba. Tsiku lotsatira shedi inatsegulidwa masana, a Timoteyo atachezera kuliwerenga.

Madzulo ake ndinawamva awiriwo akukangana motsitsa mawu, mayi Keziya atabweretsa tiyi.

"Bambo a Gerald, ili musakhome."

"Ndikhoma. Ndikapanda kukhoma anthu adzati ndabisa chifukwa ndi mwana wanga."

"Ndiye mukhome zabwino."

"Zabwino zilimo zambiri. Koma kuchokera kumene akunenako kukafika ku boma, mayi wa mwana, osakhala pansi, n'kufika dzuwa lili pamutu? Mwana sayamwa? Ndiname, mayi a Gerald?"

"Mukamulasanso kachiwiri, ameneyu sadzapondanso pakhomo pathu. Mudzaikidwa ndi mapepala anuwo."

A Timoteyo anamwa tiyi wawo. Kenako anati, "Ndikayesa kaye."

Anayamba ndi mchenga. Anauthira m'kathumba, n'kubereka kumbuyo ndi chitenje cha akazi awo, n'kumazungulira bwalo la mpira. A Jailosi anaimitsa njinga. "Mafuno abwino, mdala. Wamwamuna kapena wamkazi? Ubatizo liti?" A Timoteyo anazungulira kasanu, n'kubwera molunjika pa benchi yanga, thukuta lili kamukamu.

"Mchenga sulira, suyamwa, sukodza. Amake Madalo, ndibwerekeni mwana tsiku limodzi."

Ndinachita manyazi mpaka ndinapsereza mtedza. Ndinayankha ndikuyang'ana pansi. "Mwana sabwerekedwa, agogo. Koma akavomera bambo ake, ndipita naye ndine. Kwathu ndi kwa Mlonyeni komweko."

Kunena zoona, nanenso ndinkafuna kudziwa ngati Anastazia akanafikadi. Amuna anga, a Kondwani, anaseka kaye mpaka kutsokomola, kenako anavomera, n'kutiperekeza kwa mayi anga Lachisanu. Loweruka tambala atalira tinanyamuka, kunja kuli mbuu, kuzizira kwa Juni kukuluma zala. A Timoteyo anali patsogolo ndi wotchi, kope ndi botolo la madzi. Ine pambuyo ndi Madalo, nditamufunditsa kashawelo. Tinalowa mumsewu wa fumbi umene aliyense amadzera popita ku boma.

Dzuwa litatuluka Madalo anayamba kulira. A Timoteyo anaima, n'kuloza mthunzi wa mtengo, n'kutsegula kope.

"Eya. Kukhala koyamba. Khalani, ndiwerenge mphindi."

Ine sindinaganize n'komwe. Ndinangomasula mfundo pang'ono, n'kumuzunguliza mwana kunsi kwa mkono kuti abwere kutsogolo, n'kumangitsanso, iye n'kuyamba kuyamwa, ine n'kumayendabe. Ndinawadutsa a Timoteyo ataima ndi bolopeni m'mwamba. Anayang'ana kumbali mwaulemu, koma anandithamangira.

"Zimatheka zimenezo?"

"Aliyense amatero, agogo. Popita kumunda, pochokera ku chigayo."

"Mayi a Gerald ankatero?"

"Ndithu ankatero."

"Ana asanu," anatero chapansipansi. "Ine ndinali kuti?"

"Munali patsogolo," ndinatero. Sindinafune kuwanyoza ayi, zinangotuluka. Iwo anaseka, n'kufuta china chake m'kope.

Koma za nthawi sizinkayenda bwino. Msewuwo umakhota kwambiri, umazungulira phiri ndi mpanda wa esiteti. Pofika 9 koloko a Timoteyo anali atasiya kulankhula. Ankangoyang'ana wotchi, n'kuyang'ana kutsogolo, n'kupukusa mutu. Ndinaona kuti sakukondwa kuti akupambana. Nkhope yawo inali ngati ya munthu amene akupita kukanena uthenga wa maliro.

"Apa tikafika 2 koloko," anatero. "Anastazia akanapeza amuna aja atapita."

Tinapatuka pa dimba lina kuti tipemphe madzi. Panali mayi wachikulire akuthirira mpiru, anatiuza kuti ndi mayi Felista. Anatiyang'ana, ine ndi mwana, iwo ndi kope, n'kuika khenu pansi.

"Inunso? Kodi boma layamba kupereka chiyani kwa anthu oyenda wapansi ndi makope?"

"Alipo wina anadutsa?" anafunsa a Timoteyo.

"Chaka chatha. Mtsikana wa ku boda, wa magalasi, wamfupi ngati inu. Anadutsa katatu. Koyamba anadzera mumsewumu, anabwerera akutsimphina, matuza okhaokha, ndinamuphitsira madzi. Anati wafika mochedwa, ndiye nkhani yake yafa. Ine ndinamufunsa kuti, nanga wayenderanji mumsewu? Kale anthu sankazungulira chonchi. Njira inkadzera kuseri kwa phiriko, n'kutsikira pa dambo, mmene muli esitetimu. Anakafunsanso kwa achikulire ena awiri kuti atsimikize. Kachiwiri anadzera komweko yekha. Kachitatu anabwera atabereka mwana wa mnzake, mayi wa mwanayo akutsatira pambuyo akutukwana."

A Timoteyo anavula chipewa. "Msewu uwu ndi wa liti, mayi?"

"Anaulambula ine ndili kale ndi ana awiri."

Anakhala pa mzere wa dimba, chipewa chili pa bondo. Anayang'ana msewu umene tinadzera. "Ine amene ndimadzudzula olemba mabuku poika sopo wonunkhira m'midzi ya kale," anatero. "Ndayenda maola atatu pa msewu umene Anastazia sanauonepo."

"Mukumudziwa mtsikanayo?" anafunsa mayi Felista.

"Ndi mwana wanga."

"Ndiye anatengera inu kuuma mutu. Imwani madzi."

Mayi Felista anatilozera kanjira. Pa geti la esiteti mlonda anayamba wakana, koma a Timoteyo anamuonetsa zala zawo, mmene singano ya fodya inazisiyira zipsera, n'kumuuza zaka zimene anakhala pa utenanti. Mlondayo anati, "Dutsani, bambo, musapatukire ku zigafa." Tinadutsa m'minda yokolola kale, kenako m'tchire, kenako pa dambo louma pamene ng'ombe zaponda. Njirayo malo ena inkasowa, malo ena inkaoneka bwino, yokumbika ngati ngalande yaing'ono. A Timoteyo anagwada pamalo pena n'kuigwira ndi dzanja. Anati mapazi okha ndi amene amakumba chonchi, ndipo si a chaka chimodzi. Ulendo uno ankayenda pambuyo panga, ndipo ankafunsa mafunso. Msana umapweteka pati? Mwana akagona amalemera kuposa ali maso? Chitenje chikamasuka mumadziwa bwanji? Palibe munthu wamkulu anandifunsapo zambiri chonchi, ndipo ndinapeza kuti mayankho ndinali nawo.

Tinaona malata a ku boma wotchi ikunena kuti 12 yadutsa ndi mphindi makumi awiri. A Timoteyo anaivula n'kuiika m'thumba. Anaima pa bwalo, n'kuyang'ana pansi. Chithunzithunzi chawo chinali chitaunjikana pa mapazi.

"Anastazia analibe wotchi," anatero. "Ndipo sanasochere ndi nkhalamba. Anafika."

Anakhala pa khonde la sitolo, kope pa bondo, n'kulemba pafupifupi theka la ola, ine ndikusintha mwana thewera. Ndinkayesa kuti tibwerera ku Guilleme kukakhoma. Koma atang'amba pepalalo anati, "Ili ayambe waliona mwini wake. Tiyeni ku boda, amake Madalo. Ndekha ndikhoza kubwerera pa geti."

Tinakwera takisi. Ku boda kunali mathiraki ataima mzere wautali, osintha ndalama akuitanira aliyense wotsika, fumbi ndi utsi. Ofesi ya Sheila ndi kachipinda ka kontena. Anatuluka ndi mafayilo m'manja, n'kuima. Anayang'ana bambo ake kuyambira ku chipewa mpaka ku nsapato, zimene zinali zofiira ndi dothi, ndi zisoso zitamatirira m'thalauza. Kenako anayang'ana ine ndi Madalo. Anamvetsa pomwepo.

"Bambo, mwayendetsa mwana wa eni padzuwa?"

"Iwe sunayendetse wa mnzako?"

Sheila anandikokera mpando, n'kutuma kuti andigulire fanta ndi mabanzi. Bambo ake sanawapatse mpando. Iwo anatambasula pepala lija, n'kumupatsa ndi manja awiri.

"Likakhala pa chitseko mawa. Ngati ukana, silikhala. Aka n'koyamba kufunsa munthu."

Anawerenga ataima. Ine ndinadzaliwerenga pambuyo pake, ndipo mawu ena ndinawasunga. Linati: "Ndayesa. Ndinasochera ndine, buku silinasochere. Mayi amayamwitsa akuyenda, ndaona ndi maso, ndipo ndachita manyazi kuti ndaona mochedwa. Njira ya kuseri kwa phiri ilipo, pitani mukaigwire. Pa mabuku onse a nthawi imene ija amene ndawerenga, ili lokha ndi limene landiuza za amene ankatsala kumudzi. Cholakwika chilipo chimodzi. Anastazia wabereka mwana ndi nsalu ya biriwita, yogula kusitolo. Mayi wosauka wa m'mudzi chaka chimenecho akanabereka ndi chikopa."

Sheila anavula magalasi, n'kuwapukuta nthawi yaitali ndi m'mphepete mwa bulauzi, atatembenukira ku mathiraki. Atawavalanso mawu ake anali olimba.

"Za nsaluzo mwalakwitsa."

"Sindinalakwitse."

"Mwamuna wake anagwirapo ntchito kwa amwenye, ndiye anabwera nayo. Zili pa peji 9."

"Pa peji 9 pali za mbuzi."

"Pansi pa mbuzi, bambo. Mumawerenga mothamanga mukafuna kugwira munthu."

"Ngakhale zilipo, nsalu imodzi yokhayo akanaberekera mwana? Akanaisunga ya ku tchalitchi."

"Tsiku lokaonana ndi mwamuna wake komaliza? Amake Madalo, inu mukanavala chiyani?"

Onse awiri anandiyang'ana. Ndinati, "Ndikanatenga yabwinoyo." A Timoteyo anang'ung'udza kuti azimayi agwirizana.

Dalaivala wina anayamba kuitana Sheila za mapepala ake. Iye anapinda pepala la bambo ake, n'kuwabwezera.

"Kakhomeni mmene lililimu, musasinthe. Koma musiye malo pansi pake. Ndibwera mawa tikatuluka m'tchalitchi, ndidzalemba yankho langa pomwepo."

"Pa chitseko changa salembapo munthu wina."

"Ndiye ayamba mawa."

Lamulungu anabweradi. Sanapite kuseri kwa mayi ake ayi, anatsika minibasi n'kulunjika pa shedi, buku m'manja, chala chili pa peji 9. Anakangana kuyambira 11 koloko mpaka mthunzi unasuntha, iye atakhala pa mpando wa makasitomala, bambo ake pa chitini cha girisi. Mayi Keziya anabwera kawiri kudzawaitana kuti akadye, kachitatu anangobweretsa mbale pomwepo, n'kudzakhala pa benchi yanga, n'kumunyamula Madalo.

"Amvana?" ndinawafunsa.

"Ayi," anatero mayi Keziya, akumuvinitsa mwana pa bondo. "Akuti abweranso Lamulungu linalo, pali za mbuzi zimene sanamalize."